Galasi Lachikhumi

Mutu 6

1. Bokosi la pansi pa tebulo

Kusukulu ankamutcha Kamakani, ndipo dzinalo silinamugwere mwangozi. Anali mtsikana wa Fomu 3, wamfupi, wa zala zothimbirira penti tsiku lililonse. Ukamuuza kuti njira ndi iyi, iye ankayamba wafunsa kuti anailambula ndani.

Bambo ake anali odula magalasi. Shopu yawo inali pakati pa owotcherera zitsulo ndi osoka nsapato, kachipinda kamodzi kokhala ndi tebulo lalikulu loyalidwa bulangete, ndi magalasi otsamira kukhoma, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo. Kamakani akaweruka kusukulu ankapita kukasesa ndi kutsuka magalasi. Zidutswa zotsala bambo ake anali atamuuza kale kuti azichita nazo zimene akufuna, bola asadzicheke.

Panyumba pawo panali munthu mmodzi wosatchulidwa: achimwene ake. Zaka zitatu zapitazo mnyamatayo anakana kuphunzira ntchito ya magalasi chifukwa mtima wake unali pa gitala. Anakangana ndi bambo mpaka oyandikana nawo anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Mapeto ake bambo anati, "Ukatuluka ndi chigitala chakocho, usadzapondenso pakhomo pano." Mnyamatayo anatulukadi.

Pachipata anamusiyira mlongo wake zinthu ziwiri. Choyamba chinali chimbale cha nyimbo chimene anaphunzirirapo kuimba. Chachiwiri anachita kumunong'oneza: kumene akupita. "Koma ulumbire kuti sudzawauza bambo," anatero. Kamakani analumbira.

Chimbalecho chinali cha kagulu ka anthu anayi kotchedwa Mabatire Ofooka. Ankaimba nyimbo za roko, za magitala aukali ndi ng'oma zosanyengerera. Analibe kampani yowajambula. Anadzijambula okha m'galaja, moti pa nyimbo ina galu amamveka akuuwa panja. Pawailesi sankamveka kawirikawiri, koma amene anawakonda anawakonda ngati abale awo. Chimbale chinali ndi nyimbo khumi, ndipo dzina lake linali Sitinakhome.

Ndiye aphunzitsi a zojambula, amene ana onse ankangowatcha a Madamu, atalengeza kuti Loweruka lina kudzakhala chionetsero muholo, makolo adzabwera, ndipo aliyense ajambule chinthu chimene amachikonda, Kamakani sanachedwe kuganiza. Anzake anasankha maluwa, magalimoto ndi osewera mpira. Iye anasankha kujambula chimbale.

"Nyimbo amajambula bwanji, iwe?" anzake anamuseka. "Uli ndi penti ya phokoso?"

"Mudzaona Lowerukalo," anayankha.

Anadula magalasi khumi ofanana, lililonse kukula ngati kope. Anakhoma kabokosi kosatseka pamwamba, ka timipata khumi, kuti magalasiwo aziima motsogozana. Kenako ankavala mahedifoni m'makutu, n'kumvetsera nyimbo imodzi mpaka itamulowa m'magazi, n'kujambula pa galasi limodzi chimene nyimboyo yamuonetsa.

Nyimbo yoyamba imayamba ndi ng'oma yokha, ngati munthu akugogoda. Pamenepo anajambula khomo lotsegula, mkati mwake muli bii. Yachiwiri ndi yolemera, yoyenda pang'onopang'ono, ndipo inamupatsa tebulo. Pa yachinayi magitala awiri amakangana osagonjerana, ndiye anakwapula mizere yofiira kuchokera uku ndi uku. Yachisanu ndi chiwiri ndi yofatsa, ndipo anajambulapo msana wa munthu wowerama.

Galasi lililonse palokha linkaoneka ngati mwana waseweretsa penti. Koma ukawaika onse m'bokosi, loyamba kumbuyo, lomaliza kutsogolo, n'kusuzumira, unkaona chithunzi chimodzi: shopu ya magalasi, bambo atawerama pa tebulo, ndi pakhomo mnyamata ataima, gitala ili kumsana, phazi limodzi lili mkati. Mnyamatayo anali pa galasi lachikhumi, la nyimbo yomaliza, imene woimba amangotsala yekha kuuza munthu amene anachoka kuti chitseko sichinakhomedwe.

Ntchitoyi inamutengera milungu isanu. Bokosilo ankalibisa pansi pa tebulo, kuseri kwa ndowa.

2. Lezala wakale

Lachinayi masana, kutatsala masiku awiri kuti chionetsero chichitike, Kamakani anafika kushopu n'kupeza bokosi lake lili pamwamba pa tebulo. Bambo ake anali atalipeza pofunafuna kagalasi ka chithunzi cha kasitomala. Magalasi anali atawazula onse n'kuwayala pabulangete. Pambali pake panali chikuto cha chimbale.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa bambowo.

"Ndi ntchito ya kusukulu, bambo."

"Kusukulu akuphunzitsani kuipitsa magalasi? Uku mzere, uku chibanga, ngati papalasa nkhuku." Ananyamula galasi lachikhumi n'kuliyang'ana nthawi yaitali. "Nanga uyu ndani?"

Kamakani sananame. "Ndi achimwene."

Bambowo anaika galasilo pabulangete.

"Khala pansi," anatero bambowo, "ndikuuze, chifukwa ukuona ngati ndine munthu wankhanza. Chimbale ichi ndikuchidziwa. Chinalira m'nyumba mwanga chaka chathunthu, m'mawa ndi madzulo, mpaka mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira chodulira ali ndi zaka khumi anayamba kuona ntchito yanga ngati ndende. Ntchito imene inamuveka, imene inamudyetsa! Anthu anayi amene sindinawaonepo ndi maso anandilanda mwana ndili pompano. Lero alowanso pakhomo panga kudzera mwa iwe. Zimayamba chonchi, mwanawe. Lero kachithunzi, mawa sukulu yatopetsa, mkuja chikwama kumsana. Kuongola mtengo m'poyamba. Woyambayo ndinachedwa naye, koma iwe sindichedwa nawe. Ndiye ukufuna ukaimike zimenezi muholo, makolo onse akaone kuti wodula magalasi anathamangitsa mwana wake? Amene anachoka pano anachoka ndi miyendo yake. Pa galasi langa saimapo."

Atatero anatsegula dirowa n'kutulutsa lezala woyamba kumupeza, wakale, wadzimbiri.

Apa m'pofunika kudziwa lamulo limodzi la m'shopumo, limene Kamakani analimva kambirimbiri kuyambira ali wamng'ono: galasi silipalidwa louma. Umayamba walinyowetsa ndi madzi a sopo, ndipo lezala amafunika watsopano. Bambo ake ankachita kuliimba lamuloli ngati nyimbo. Koma mkwiyo ulibe sukulu.

"Bambo, ndi louma!" anafuula Kamakani.

Sanamumve. Lezala analira pagalasi, kwee, kwee, mpaka mano kuyabwa. Anayambira kumutu kwa mnyamata uja, anatsikira m'mapewa, gitala, miyendo, mpaka phazi lija linali mkati. Penti inagwa pabulangete ngati gaga. Pomaliza anapukuta galasilo ndi malaya awo. Mumdima wa m'shopumo linkaoneka loyera ngati sipanakhalepo kanthu.

Anamuponyera lezalayo patsogolo. "Asanu ndi anayi otsalawa upale wekha. Pofika Loweruka ndiwapeze oyera."

Misozi inali ikutsika, koma mawu a Kamakani sananjenjemere. "Pepani bambo, koma sindipala."

"Wati chiyani?"

"Zidutswazi munandipatsa nokha. Sindinabe, sindinajombe kusukulu, ndipo ntchito ya pano ndagwira tsiku lililonse. Mukafuna palani inuyo, dzanja lanu sindingaligwire. Koma langali silipala."

Bambowo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Kamakani anabwezera magalasi m'bokosi mmodzimmodzi, motsatira nyimbo, lachikhumi lomwe.

3. Mawu a amayi

Lachisanu m'mawa, asanapite kusukulu, amayi ake anamuitana. Anali akusita malaya a bambo, ndipo nkhani yonse anali ataimva.

"Iwe mwana, wandimvetsa mutu," anatero. "Ukuganiza kuti ine mchimwene wakoyo sindimukumbuka? Ndinamubereka ndine. Tsiku lililonse ndikamapakula ndimapezeka ndatulutsa mbale zinayi, n'kubweza imodzi mwakachetechete. Koma nyumba siyenda ndi makani. Bambo akowa ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu, ndimawadziwa. Ukawakankha amalimba ngati khoma. Akalankhula mawu sabweza, ngakhale mawuwo akuwadya okha m'mimba. Mwana mmodzi ndinataya chifukwa anthu awiri ouma mitu anakumana pakhomo limodzi, wina osafuna kupatuka. Ukufuna nditayenso wachiwiri? Jambula maluwa, mwanangu. Dzanja uli nalo, ola limodzi lokha watha. Magalasiwo ndikubisira kwa azakhali ako mpaka mphepo idutse. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Lero akuwawa, koma udzandithokoza."

Kamakani anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali kumbuyo.

"Amayi, a Madamu anati tijambule chimene timachikonda. Maluwa sindidana nawo, koma si amene ndimawasowa."

"Nanga bambo ako akakuthamangitsa?"

"Ndiye mudzabweza mbale ziwiri. Koma mbale imodziyo mwaibweza zaka zitatu, amayi, ndipo palibe amene wafunsa kuti ndi ya yani."

Amayiwo anaika simbi pansi. Anangomukonza kolala ya yunifolomu n'kumuuza kuti achedwa.

Kusukulu anawafotokozera a Madamu zonse. Zojambulanso mnyamatayo sizikanatheka, chifukwa penti imene ankagwiritsa ntchito inkafuna masiku atatu kuti iume.

"Ndiye uonetsa khomo lopanda munthu?" anafunsa a Madamu.

"Ndi mmene lililinso kwathu," anatero Kamakani.

4. Pakhomo

Loweruka m'mawa Kamakani akanatha kulawira, kutenga kiyi pa msomali, n'kukazembetsa bokosilo bambo asanafike. Sanatero. Anadikira mpaka shopu itatsegulidwa, n'kulowa atavala yunifolomu yositasita.

Bambo ake anali akuyeza galasi la zenera. Sanadzutse mutu.

"Bambo, ndabwera kudzatenga bokosi langa. Ndikupita nalo kusukulu. Ndati ndikuuzeni pamaso kuti musadzamve kwa anthu."

"Wapala?"

"Ayi."

Kamakani anawerama, anatulutsa bokosilo pansi pa tebulo, n'kulikumbatira pachifuwa. Linali lolemera. Anayenda mpaka pakhomo.

Bambowo anamenya tebulo ndi chikhatho. "Iwe! Ukatuluka nalo bokosi limenelo, usadza..."

Anathera pomwepo. Mawuwo anali atawalankhulapo kale, pakhomo ngati lomweli, ndipo onse awiri ankadziwa mathero ake. Kamakani anaima, anatembenuka, n'kudikira kuti amalize. Panja osoka nsapato anasiya kukhoma, khutu lili tcheru.

Bambowo sanamalize. Anatola tepi yawo n'kuyambanso kuyeza galasi limene anali ataliyeza kale.

"Ndapita, bambo," anatero Kamakani, n'kutuluka.

5. Muholo

Muholo munali modzaza maluwa a papepala. Panali magalimoto asanu ndi limodzi, ndi wosewera mpira wina wa mwendo umodzi wautali kuposa unzake. Kamakani anaika bokosi lake pa katebulo ka pafupi ndi zenera, n'kumata kapepala ka mayina a nyimbo zonse khumi. Pa yachikhumi analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti: ANAPALA NDI BAMBO ANGA.

A Madamu atawerenga anamukokera pambali.

"Tamvera kuno. Dzana unakana kupala, ndipo sindinakudzudzule. Lero wabwera nalo poyera, osaba, osanama, ndipo ndakunyadira. Koma ichi n'china. Kukana ndi kwina, kunyoza ndi kwina. Ukaimika bambo ako pamaso pa anthu kuti awaseke, anthuwo adzaseka n'kupita kwawo, iwe n'kutsala ndi bambo amene sangakuyang'anenso kumaso. Kodi unajambula zimenezi kuti upambane mkangano, kapena kuti khomo lija litseguke? Ngati ndi mkangano, siya kapepalako. Ngati ndi khomo, ukudziwa chochita. Ine sindikang'amba, nkako."

Kamakani analuma mlomo. Kunena zoona, kapepalako kankamukoma. Anakayang'ana kanthawi, kenako anakamatula n'kukang'amba pakati. Pa katsopano analemba dzina la nyimbo yachikhumi lokha: Sitinakhome.

Makolo anayamba kulowa. Ambiri ankangodutsa bokosilo, poganiza kuti ndi la zipangizo. Amene anawerama n'kusuzumira ankachedwapo. Anzake aja ofunsa za penti ya phokoso anachita kupanga mzere, kulandizana mahedifoni, uku akumvera nyimbo, uku akuloza galasi lake.

"Komatu pakhomopa pakusowa kanthu," anatero mayi wina.

"Eya, pakusowa," anavomera Kamakani.

Chakumasana anaona amayi ake akulowa, nkhope ili yamantha. Kumbuyo kwawo kunali bambo, atavala ovolosi ya kuntchito, chipewa chili m'mutu. Mayendedwe awo sanali a munthu wobwera kudzaona zithunzi. Anadutsa maluwa onse osacheuka, molunjika pa katebulo kaja, manja atatambasula kale kuti anyamule bokosi.

Kamakani anaima kutsogolo kwake. "Musanalitenge, suzumirani kamodzi kokha. Magalasiwa munawaona limodzilimodzi. Pamodzi simunawaone."

Anthu anali akuyang'ana, ndipo mwina n'chifukwa chake bambowo anawerama.

Nthawi imeneyo dzuwa linali litazungulira n'kulowa pazenera chammbali, kugwera pamwamba pa bokosi. Bambowo anaona shopu yawo. Anaona tebulo lawo, ndi msana wawo womwe utawerama, mizere yofiira ikudutsana pamwamba pake. Kenako anayang'ana pakhomo.

Pakhomopo panali munthu.

Sanali wa penti. Anali wa timizere toyera tambirimbiri, towala ngati ulusi pa mdima wa khomo lija. Mutu, mapewa, gitala kumsana, ndi phazi limodzi lili mkati. Paliponse pamene lezala wadzimbiri anadutsa pa galasi louma anasiya chikande, ndipo lezalayo anadutsa pokhapokha pamene panali mnyamatayo. Mumdima wa m'shopu sizinkaoneka. Padzuwa zinaonekera zonse.

Bambowo anadzuka, maso ali psuu. "Wamujambulanso! Ndinakuletsa!"

Kamakani anadabwa, anasuzumira, ndipo naye anamuona munthuyo. M'mawa wonse sanaone kanthu pamenepo. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Ayi, bambo. Wangayo munamufufuta. Uyu mwajambula ndinu."

Bambowo anazula galasi lachikhumi. Analitembenuza, analipendeketsa ku dzuwa, n'kuyendetsa chikhadabo pamwamba pake monga ankachitira ndi galasi lililonse lokayikitsa. Chikhadabo chinakodwa. Ananyowetsa chala n'kupukuta. Timizereto tinazimirira pang'ono, galasi litauma tinabweranso.

"Ndinapala louma," anatero chapansipansi.

Amayi anali atagwira pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka.

"Zaka makumi atatu pa ntchito imeneyi," anapitiriza bambowo, ngati akulankhula ndi galasilo. "Penti imachoka. Chikande sichichoka. Ngakhale ulitsuke chaka chonse."

Anabwezera galasilo pamalo pake ndi manja awiri, mosamala kuposa mmene ankagwirira magalasi a makasitomala. Anavula chipewa. Anaweramanso n'kusuzumira, ndipo ulendo uno anakhalitsa mpaka ana a pamzere anatopa n'kupita kukaona magalimoto.

Atadzuka sanayang'ane amayi, sanayang'ane a Madamu. Anayang'ana mwana wawo, ndipo anafunsa ndi mawu amene Kamakani anali asanawamvepo chibadwire.

"Mwanangu, ukudziwa kumene ali?"

Kamakani ankadziwa msewu wake, nyumba yake, ngakhale mtundu wa chitseko. Koma zaka zitatu zapitazo, pachipata, anali atalumbira kwa achimwene ake kuti munthu ameneyu sadzamuuza. Bambo ake anaima pomwepo, chipewa chili m'manja, akudikira yankho.